Chaka Chimene Tinapha Manthu wa Mavu

Chaka chachiwiri dziko lino litalandira ufulu, tauni yathu ikadatchedwa Umtali, ine ndi amuna anga tinali maroja, anthu ochita lendi, ku Sakubva, m'chipinda cha kumbuyo kwa nyumba ya mayi wina wamasiye. Chipindacho chinali ndi chitseko chimodzi ndi kazenera kakang'ono koti ngakhale mphaka sangadutsepo. Tinali atatu ndi mwana wathu wamkazi, amene anali atangokwanitsa zaka zinayi. Amuna anga ankakumba ngalande kukhonsolo. Iwo anachokera ku Malawi ali kale munthu wamkulu, pamene ine ndinabadwira ku Penhalonga, komwe bambo anga ankagwira ntchito mumgodi asanabwerere kumudzi pamodzi ndi mayi anga. Kuno tinalibe wachibale. Nkhondo yomenyera ufulu itatha anthu anakhamukira m'tauni, ndipo amene wapeza denga ankaligwiritsa ndi manja awiri. Ife tinkathokoza Mulungu tsiku lililonse chifukwa cha kachipinda kameneko.

Amayi eni nyumba anali Mmanyika, mtundu wa konkuno wolankhula Chishona, koma malemu amuna awo anali munthu wa kwathu ku Malawi, wogwira ntchito kunjanji, ndiye Chinyanja ankachilankhula bwino, kungoti ankathiramo Chishona. Ankagulitsa nthochi za ku Burma Valley pamsika waukulu. Ine ankanditchula kuti muroora, monga amaitanira mpongozi, ndipo anali munthu wabwino kwa ine. Zimenezi ndikufuna zidziwike ndisanapitirire.

Kumapeto kwa dzinja chaka chimenecho mwana wanga analumidwa ndi mavu pamkono, kuseri kwa tchalitchi, ana akusewera. Linali limodzi lokha. Ndinamupaka malovu n'kumuuza kuti atonthole. Tisanafike ngakhale pamsewu milomo yake inali itatupa, maso atatsekeka, ndipo akamapuma pakhosi pankamveka kulira ngati ketulo yoyamba kuwira. Ndinamubereka n'kuthamanga mpaka kukiliniki, nsapato imodzi ndinaisiya panjira. Anamubaya jakisoni, ndipo pang'onopang'ono mpweya unabwerera. Namwino anandikokera pambali.

"Mayi, magazi a mwana uyu sagwirizana ndi mbola," anatero. "Lero mwafika nthawi yabwino. Akadzalumidwanso, makamaka pakhosi kapena pankhope, mwina simudzafika."

Mawu amenewo ndinawatenga n'kupita nawo kunyumba, ndipo sanandichokenso.

Nyengo ya mphepo ndi fumbi itafika, tsiku lina m'mawa ndikusesa ndinaona kanthu kotuwa kakulendewera pansi pa denga, pamwamba penipeni pa chitseko chathu. Kanali kachisa kakang'ono ngati chivundikiro cha botolo, ndipo panali mavu atatu. Amuna anga anatenga tsache langa kuti akagwetse. Asanalikweze, amayi eni nyumba anali ataligwira kumbuyo.

"Bambo a mwana, siyani."

"Amayi, ndi mavu awa."

"Ndikuona kuti ndi mago. Maso ndili nawo. Ndati siyani."

Apa ndi pamene anatiuza zimene tinkangomva kwa anthu ena. Chipinda chathucho chinali cha mwana wawo wamwamuna, mmodzi yekhayo. Nthawi ya nkhondo ananyamuka ndi anzake a kusukulu n'kuoloka mapiri kupita ku Mozambique. Anzake ena anabwerera, ena makolo awo anauzidwa kumene anagona. Za iye panalibe amene ankadziwa. Amayiwo anali atayenda m'malo ambiri kufunsa, ndipo dzulo lake lomwelo anali atangobwera kuchokera ku ulendo wina wopanda yankho. Kudzuka m'mawa, anapeza mavu ayamba kumanga pakhomo pake.

"Akusunga khomo la mwana wanga," anatero. "Akamamanga, ndiye kuti ali moyo."

Amuna anga anayesa kuseka pang'ono. "Amayi, mavu amamanga paliponse. Ngakhale kuchimbudzi cha kuholo ya mowa aliko."

"Ndiye pitani mukagwetse a kuchimbudziwo. Awa musawakhudze."

Ine ndinagwada n'kuwafotokozera za namwino, mawu ake onse monga anawanenera. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anandigwira paphewa.

"Muroora, mago saluma munthu wa pakhomo. Amadziwa fungo. Usawaputa, sadzakuputa."

Kunena zoona pamaso pa Mulungu, kwa miyezi iwiri mawu awo anali oona. Palibe amene analumidwa. Tinkalowa ndi kutuluka pansi pawo, iwo n'kumangotembenuza mitu kutiyang'ana. Koma chisa chinkakula. Chinafika ngati chikhatho, kenaka ngati mbale yodyera, ndipo mavu anachuluka moti sindinkathanso kuwawerenga. Mwana ndinamuphunzitsa kuti pachitseko azidutsa ngati akulowa m'tchalitchi, osathamanga, osakupiza manja, ndipo kanthu kakamutera aime chilili mpaka ine ndifike. Tinkayeserera ndi duwa louma. Ndinkaliika paphewa pake, iye n'kuuma ngati chitsa, kenaka n'kuphulika kuseka. Kwa iye anali masewera.

Tinafunsa chipinda china kwa anthu a kutchalitchi ndi kwa anzawo a kuntchito. Kunalibe.

Tsiku lina Lamlungu masana, amayi eni nyumba atapita kumaliro, amuna anga anakhala pansi pa mtengo wa mapeyala n'kumayang'ana chisacho nthawi yaitali.

"Amake mwana, ndapeza nzeru," anatero. "Kwathu chiswe chikamadya nyumba, sitilimbana ndi chiswe chimene tikuchiona. Timakumba chulu mpaka tipeze manthu, make wa onse. Ndi chinthu choyera, chonenepa kuposa chala changa chachikuluchi, sichitha n'kuyenda komwe. Ukangochichotsa, chulu chonse chimafa chokha. Ine midzi itatu inkandiitana pa ntchito imeneyi."

"Ndiye?"

"Ndiye chilichonse chomanga pamodzi chili ndi make. Tikapha manthu wa mavuwa, enawo abalalika okha. Chisa sitichikhudza. Amayi adzangoti apita mwa kufuna kwawo."

Ndinadziwa kuti chimenecho ndi chinyengo. Ndinapemphera masiku angapo kuti Mulungu andionetse njira ina, ndipo sindinganame kuti anandiuza kuti ndivomere. Ndinavomera ndekha.

Popeza iwo ankakhala kuntchito tsiku lonse, ntchito yopeza manthuyo inagwera ine. Masiku amenewo ndinkaluka madoyilo, tinsalu toyala patebulo ndi pamipando. Ndinkayala mphasa chapatali pang'ono ndi chitseko, koloshi m'manja, maso pamwamba. Poyamba ndinkafunafuna chinthu choyera, chonenepa, monga ananenera amuna anga. Panalibe. Onse anali ofanana, ofiirira ngati dothi lakatondo, chiuno chopyapyala ngati ulusi, miyendo yaitali yolendewera akamauluka. Ndinawauza amuna anga madzulo kuti mavu alibe make.

"Ali naye," anayankha. "Ayang'anitsitseni monga mumayang'anira nsalu za anzanu kutchalitchi."

Patapita masiku maso anga anayamba kuzolowera. Ndinaona kuti ena ndi ocheperako, ndipo amenewo ndiwo ankatuluka. Ankabwera ndi kampira kobiriwira ka mbozi yotafunatafuna, n'kukagawira timphutsi toyera timene tinkasuzumira m'tizipinda ta chisacho. Ena ankapita kumpanda wa matabwa kukapala, ndipo kukakhala chete ndinkamva kupalako ndi makutu anga. Zimene apalazo ankamangira tizipinda tatsopano m'mphepete. Ena ankatunga madzi pampopi, kadontho kamodzi pakamwa. Koma panali limodzi lalikulu kuposa onse, lonyezimira ngati pansi popaka polishi, mapiko ake oongoka, opanda chilema. Limeneli silinkapita kulikonse. Linkangokhala pambali n'kumadzikonza ndi miyendo yakutsogolo. Ndinati mumtima, wamkulu ndi wokongola chonchi, wosagwira ntchito, ameneyu ndiye mwini mudzi.

Amuna anga anapita kuphiri kukafuna ulimbo, ujawu anyamata amagwirira mbalame, n'kuupaka kunsonga kwa bango lalitali. Loweruka m'mawa kwambiri, amayi atanyamuka ndi dengu lawo, mavu akadali ofooka ndi kuzizira, ndinatsekera mwana m'nyumba n'kuwalozera amuna anga lonyezimira lija. Anakweza bangolo pang'onopang'ono, n'kungogunda pamsana. Linamatirira. Enawo anaimika mapiko, koma sanauluke.

Kuseri kwa nyumba analiphwanya mutu n'kung'amba mimba ndi minga. Anayang'ana, n'kuyang'ananso.

"Mazira ali kuti?"

Munalibe mazira. Munali timafuta tachikasu basi.

"Mwina anaikira onse," ndinatero.

Tinadikira sabata yathunthu. Chisa chinkapitirira ngati palibe chachitika. M'tizipinda ta m'mphepete munkaonekabe timazira tatsopano, ndipo m'tizipinda tina totsekedwa pamwamba munatuluka mavu ena akuluakulu onyezimira, ofanana ndi lija tinapha. Apa ndinazindikira kuti tinapha mwana. Kunyezimira kuja kunali kwa chinthu chimene changobadwa kumene, chisanaone dzuwa ndi ntchito.

Ndinabwerera pamphasa. Ulendo uno ndinasiya kuyang'ana kukula, ndinayamba kuyang'ana amene anzake amamuopa. Sizinatenge masiku atatu. Chapamwamba, pafupi ndi kaphesi kamene chisa chinalendewerapo, panali wina amene ndinali ndisanamulabadire chifukwa anali wosaoneka bwino. Mtundu wake unali utathimbirira, wakuda kuposa anzake. Mapiko anali othothoka kunsonga ngati mpendero wa nsalu yakale, ndipo kanyanga kamodzi kanali kakafupi. Kutalika sankaposa akuluakulu aja, mwina ankachepa pang'ono. Chosiyana chinali mimba. Ya enawo inali yosongoka, youma, koma yake inali yodzaza, yokokeka moti pakati pa mizere yake pankaoneka khungu lotuwirako. Akamayenda pachisapo, amene wakumana naye ankagwetsa mutu n'kuphwatalala, iye n'kumukwera pamsana, kumuluma pang'ono, n'kupitirira. Obwera ndi chakudya ankayamba kupatsa iye. Ndiye tsiku lina masana ndinamuona akulowetsa mimba m'kachipinda kopanda kanthu n'kukhala phee kwa kanthawi. Atachokapo, munali kadzira koyera, kochepa kuposa njere ya mpunga.

Sindinawauze amuna anga tsiku limenelo, ngakhale mawa lake. Sindikudziwa bwino chifukwa chake. Ndinali nditamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti kukatentha amakupiza mapiko othothokawo pamwamba pa ana. Akandifunsa ndinkati sindinamupeze. Koma tsiku lachitatu mwana akudya nzimbe pamphasa, limodzi la aang'ono aja linatera pa nzimbeyo, pafupi ndi mlomo wake. Anaima monga ndinamuphunzitsira, malovu akuyenderera pachibwano, mpaka linauluka. Madzulo omwewo ndinawauza.

Loweruka lotsatira anachita monga poyamba. Manthu sanavute n'komwe. Atang'amba mimba, munali timazira tondandalikana, tina tatikulu, tina tating'ono ngati mchenga. Amuna anga anasangalala ngati mwana.

"Mwaona? Masabata awiri, pano padzatsala pepala lokha."

Anakwirira manthuyo pansi pa mtengo wa mapeyala, bango n'kulithyolathyola.

Tsiku limenelo pachisa panali bata. Linali bata loti silinandisangalatse. Sanapite kumpanda, sanapite pampopi. Ankangoyendayenda n'kumagundana tinyanga. Lamlungu tikuchokera kutchalitchi ndinamva phokoso ndisanafike pachitseko, ngati munthu akufwanyafwanya nyuzipepala youma. Onse anali ataimika mapiko, akuthamangathamanga pachisapo, ndipo timphutsi tinkatulutsa mitu popanda wotipatsa kanthu. Ndinaphimba mwana ndi chitenje mutu wonse n'kulowa naye.

Lolemba anayamba kumenyana. Anali akuluakulu aja. Awiri ankagwirana, kulumana, mimba zitapindika kufunafuna pobaya, ndipo akatero ankaiwala kugwira chisa. Ankagwa pansi ali chigwirane, pakhomo penipeni pamene timaponda, n'kumagubuduzika m'fumbi. Ena ankadzuka n'kubwerera pamwamba, ena ankatsala pomwepo akukoka miyendo. Ndinaona wina akulowetsa mutu m'kachipinda n'kudya dzira linali m'menemo, kenaka n'kutembenuka kuikamo lake. Mnzake anabwera n'kuchita chimodzimodzi. Ndiye kuti aliyense wa iwo ankatha kukhala manthu. Chimene chinkawaletsa masiku onsewo anali mayi wothothoka mapiko uja.

M'mawa mwake amuna anga potuluka analumidwa pakhutu. Madzulo amayi eni nyumba akuanula zovala, kutali ndithu ndi chitseko chathu, limodzi linawatsatira n'kuwabaya pakhosi chakumbuyo. Anaima atagwira pamalopo, akuyang'ana chisa.

"Alowa chiyani ana awa?" anafunsa.

Ankayang'ana pamwamba, koma funsolo linafika kwa ine. Ndinawerama n'kumatola mapegisi.

Kuyambira tsiku limenelo mwana sindinamutulutsenso. Inali nyengo yotentha mvula isanagwe, ndipo denga lathu linali la asibesitosi. Masana m'chipindamo munkakhala ngati mu uvuni. Ndinatseka mpata wa pansi pa chitseko ndi thumba, kazenera ndi nsalu, n'kuika chidebe pakona kuti azidzithandizirapo. Ankalira kuti akufuna kukasewera ndi anzake. Thupi lake lonse linatuluka nsungu za thukuta. Kunja phokoso lija silinkaleka, ndipo nthawi ndi nthawi tinkamva kugwa kwa awiri ogwirana, kakugunda kochepa pasimenti.

"Akufa amenewo," amuna anga anatero, khutu litatupa ngati chitumbuwa. "Ndi mapeto ake."

"Bambo a mwana, chiswe chanu chija chinkamenyana chonchi?"



"Ayi," anatero. "Chiswe chinkangofa."

"Nanga awa afa liti?"

"Sindikudziwa, amake mwana. Awa sindiwadziwa."

Zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanawamvepo akunena mawu amenewo, ndipo anandiopsa kuposa phokoso la panja.

Lachinayi masana madzi anatithera. Mwana anali atagona pamphasa, ndiye ndinati ndithamangire pampopi, pamene panali pabwalo pomwepo. Ndinakoka chitseko koma sindinakhome, poti loko anali ndi amuna anga. Chidebe chitafika pakati ndinamva mawu kumbuyo.

"Amayi, ndikufuna madzi."

Anali ataima pakhomo, pansi penipeni pa chisa, akutikita maso. Ndisanatsegule pakamwa, awiri ogwirana anagwa kuchokera pamwamba. Anamugunda pamutu, n'kutsetserekera m'khosi mwa diresi lake, pakati pa kolala ndi khungu.

Mwana wanga anaima. Manja anali m'mbali, mutu utapendekeka pang'ono, maso ali pa ine. Sanalire. Ndinkaona kolala ikugwedezeka.

Miyendo inkafuna kuthamanga, koma ndinadziwa kuti ndikathamanga a pamwamba aja atsika onse. Ndinayenda. Kuchokera pampopi kufika pakhomo panali pafupi chabe, koma mpaka lero ndimakumbukira mwala uliwonse umene ndinaponda. Ndinkangoti chamumtima, Ambuye, mwana uyu munandipatsa ndinu, cholakwa ndi changa, musamuwerengere iye. Madzi ankasefukira m'chidebe kumbuyo kwanga.

Nditafika ndinati, "Usagwedezeke, mayi wanga." Ndinalowetsa zala m'kolala, ndinawagwira onse awiri pamodzi n'kufumbata. Anandibaya m'chikhatho, kubaya, kubayanso, moto unakwera mpaka m'chigongono. Sindinatsegule dzanja. Ndi dzanja linalo ndinamugwira paphewa n'kuyenda naye pang'onopang'ono mpaka kuseri kwa mtengo wa mapeyala. Kumeneko ndi kumene ndinawafinya mpaka anasiya kugwedezeka.

Ndinamuvula diresi. Ndinayang'ana pakhosi, kumsana, m'tsitsi, kuseri kwa makutu. Ndinamufunsa ngati pali powawa, iye anati ayi. Sindinakhulupirire. Ndinaika khutu langa pachifuwa pake n'kumamvetsera ngati kulira kwa ketulo kuja kuyambe. Ndinakhala choncho nthawi yaitali. Mpweya unkalowa ndi kutuluka bwinobwino. Awiri aja anali otanganidwa ndi kuphana okhaokha, ndipo Mulungu anawatseka maso kuti asaone khungu limene anagonapo.

Nditadzutsa mutu, amayi eni nyumba anali ataima pakhomo la khitchini yawo. Tsiku limenelo anabwerako msanga kumsika chifukwa khosi linkawapweteka. Anali ataona zonse. Anabwera, anatseka mpopi, n'kugwira dzanja langa n'kulitembenuza.

"Muroora, munawachita chiyani?"

Ndinawauza zonse, za chiswe cha kwawo kwa amuna anga, za madoyilo, za ulimbo, za woyamba amene tinapha molakwitsa ndi wachiwiri amene tinakwirira pansi pa mtengo umene tinakhalapowo. Sindinabise kuti amene analoza ndi ine.

"Munapha make," anatero.

"Inde, amayi."

"Ndiye mumayembekeza kuti ana achita chiyani?"

Anayang'ana mwana, amene anali ataima ndi kabudula wamkati yekha akuyamwa chala, kenaka anamunyamula n'kulowa naye m'nyumba yawo. Tsiku limenelo mwanayo anagona kumeneko, pabedi lawo.

Kutangoyamba kucha ndinamva chitseko chawo chikutseguka. Anatuluka atavala chijasi cha kunjanji cha malemu amuna awo, mutu atakulunga ndi thawulo, m'manja muli thumba la ufa ndi mpeni wodulira nthochi. Amuna anga anathamangira kuti awalandire.

"Amayi, ndipatseni ine, ndine ndinalakwa."

"Inu mwagwira kale ntchito yanu. Ndibweretsereni mpando."

Anakwera pampandopo, amuna anga atagwira miyendo yake. Mavu anali ataunjikana, ofooka ndi mame. Anakweza thumbalo kuchokera pansi mpaka linameza chisa chonse, anakoka kukamwa kwake, n'kudula kaphesi kamodzi kokha. Thumba linayamba kulira. Analimanga ndi chingwe cha pa dengu lawo, anatsika, n'kutuluka pageti osayang'ana aliyense wa ife. Ndinawaona akulowera chakum'mawa, kumene kuli mapiri, thumba atalitalikitsa ndi thupi. Anabwerako dzuwa lili pamutu, miyendo yotuwa ndi fumbi, m'manja mopanda kanthu. Kumene anakasiya sanatiuze, ifenso sitinafunse. Otsala ochepa amene anali kunja anazungulira pamalopo masiku awiri, kenaka sitinawaonenso.

Dzanja langa linatupa mpaka m'chigongono, zala ngati nthochi, ndipo kwa sabata yathunthu sindinkatha kugwira ngakhale supuni. Sabata imeneyo amayiwo ndiwo ankasambitsa mwana wanga, kumuchapira ndi kutiphikira. Ankabweretsa chakudya, kuika pakhomo, n'kubwerera. Mwana ankacheza naye ndi kumuseketsa monga kale. Ine ankangondifunsa kuti dzanja likupeza bwanji. Amuna anga anagwada pabwalo n'kuomba m'manja monga amachitira anthu a kuno popepesa, koma iwo anangodutsa.

Dzanja litaphwa anandiitana kukhitchini. Anandipatsa tiyi, n'kudikira kuti ndimwe kaye.

"Muroora, mwezi ukatha mupeze kwina," anatero. "Za mwanayo ndilibe nazo mlandu. Ndikanakhala ine, mwina ndikanachita zoposa pamenepo. Koma munandiyang'ana ndikulumidwa, n'kumatola mapegisi. M'chipinda cha mwana wanga simungakhalemonso."

Ndinati ndamva, amayi, ndipo ndinawathokoza chifukwa cha zonse. Zinali zochokera pansi pa mtima.

Amayi a chigwirizano kutchalitchi kwathu anayenda khomo ndi khomo, ndipo masiku atatsala atatu anatipezera kanyumba ka matabwa kufupi ndi bwalo la mpira. Kankadontha, ndipo Loweruka lililonse phokoso la kuholo ya mowa linkalowa ngati tili momwemo. Tinakhalamo zaka zisanu. Tsiku loyamba, katundu asanalowe, ndinazungulira kanyumbako kawiri ndikuyang'ana pansi pa denga.

Amayi eni nyumba aja ndinkakumana nawo pamsika. Tinkapatsana moni, ankafunsa za mwana, ndipo nthawi zina ankamuitana kuti amuone mmene watalikira. Za mwana wawo sindinayerekeze kufunsa, iwonso sanazitchule. Chaka china ndinapeza pamalo pawo pali mtsikana wogulitsa matimati, ndipo anandiuza kuti mayi wa nthochi anabwerera kumudzi kwawo. Ngati mnyamata uja anafikako, ine sindinamve.

Mwana wanga sanalumidwenso mpaka lero. Ndi mayi wa ana atatu, ndipo ndi amene wandigulira kope limene ndikulembamo izi. Za tsiku lija akuti amangokumbukira kuti m'khosi munkamuyabwa ndipo ankafuna kuseka. M'mawa uliwonse ndikamapemphera ndimayamba ndi kuthokoza chifukwa cha iye. Ndikatero ndimatchula amayi aja, ndi mwana wawo, kulikonse kumene ali.